Mkaka wa Ana ndi Masaya Anga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa mulu wa tomato. Amayi anga ankagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pa Nathenje, ndipo ine nditasiya sukulu ndili Fomu 2 ndinkakhala nawo pamenepo, kuthamangira mabasi beseni lili pamutu. Sukuluyo sindinasiye chifukwa cha umbuli ayi. Diso langa lamanzere linachita chifunga mwadzidzidzi, likupweteka ndikaliyendetsa, ndipo mayeso anadutsa ine ndili kunyumba. Patapita miyezi linayera lokha, ife n'kumati basi zatha. Sitinkadziwa kuti matendawo angopita kokapuma.

Namwino wina wachikulire amene ankagula tomato kwa ife ndiye anauza amayi kuti kukufunika atsikana odziwa kuwerenga, oti akaphunzire za kadyedwe ka ana kenako akagwire ntchito kusikelo. Zofunika zinali setifiketi ya Sitandade 8, diresi lopitirira mawondo, ndi khadi la chipani. Pa zitatuzo, chimene anachiyang'ana kawiri ndi khadilo. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa ngakhale mumsika.

Anatiphunzitsa miyezi ingapo ku Lilongwe, kenako ine ananditumiza ku kachipatala kena kupitirira Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Si chipatala chija mukuchidziwa cha pa Mitundu penipeni ayi, ndipo dzina lake sinditchula, poti amene akugwira ntchito kumeneko lero sanandilakwire kanthu. Kanali ka zipinda zitatu ndi khonde, kuseri kuli kasitolo ka malata ndi khitchini ya udzu. Woyang'anira anali bambo Gwaza, wothandizira dokotala, koma anthu onse ankawatchula kuti adokotala ndipo iwo sanakonzepo cholakwikacho. Anali munthu wa thupi labwino, wofewa pakamwa, amene ankavomera chilichonse chimene munthu wamphamvu akunena, mwini wake asanamalize n'komwe. Ine dzina langa ndi Fanesi, koma ankanditchula ndi mfunda wanga kuti a Nambewe zinthu zikakhala bwino, zikavuta ndinali mtsikana iwe.

Tsiku la sikelo ndinkapachika sikelo ya mbedza pa nthambi ya mtengo wa mango, n'kuiyesa kaye ndi kabudula wopanda mwana kuti muvi ukhale pa ziro. Mayi amavula mwana, kumulowetsa m'kabudula wa nsalu yolimba uja, ine n'kukoleka zingwe zake pa mbedza. Mwana akulira, akupalasa miyendo, muvi ukuvina, ndiye umadikira kuti akoke mpweya, pamenepo n'kuwerenga msanga. Ukatero umalemba kadontho pa khadi lake la kusikelo, kuona ngati akukwera kapena akutsika. Tinalinso ndi katepi koyezera mkono, ka mitundu itatu: pobiriwira mwana ali bwino, pachikasu chenjera, pofiira ndiye kuti njala yamudya. Koma chida choposa zonse chinali chala changa chachikulu ichi. Mwana wotupa amanamiza sikelo, chifukwa madzi amalemera. Umadina pamwamba pa phazi, kudikira pang'ono, n'kuchotsa chala. Pakatsala dzenje, ameneyo sananenepe, watupa. Amayi ambiri ankati ndi tsempho, bambo wake wayenda njira zachilendo mwana akadali wakhanda, ena ankachita kunyadira kuti mwana ali ndi masaya. Ndinalalikira mpaka mawu kusasa kuti kutupa si kunenepa. Ankavomera onse, kuwomba m'manja, ndi kuimba kanyimbo kake kamene ndinawaphunzitsa ndekha.

Ana ofika pofiira ndi ana otupa ankalandira chakudya: mkaka wa ufa wa m'matumba, mafuta ophikira a m'zitini, ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Ndinkayeza ndi kapu ya pulasitiki, kusalaza pamwamba ndi mpeni kuti wina asati ndakondera. Ndinkaphikanso phala mumphika waukulu amayi akuonerera, kuthiramo nsinjiro ndi masamba osinja, n'kulawa ndi supuni ndisanagawe, chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira. Makiyi a kasitoloko anali awiri. Wina ndinkayenda naye pa chingwe m'khosi, wina anali wa bambo Gwaza.

Chaka changa chachiwiri, anthu akukolola, ndinadzuka mapazi ali dzanzi ngati ndawakhalira. Dzanzilo linakwera mpaka m'chiuno. Ndikaweramitsa mutu kuti ndiwerenge khadi, china chake chinkandikwapula mkati mwa msana kutsikira kumiyendo. Sabata isanathe mwendo wamanja unkangokokeka, nsapato n'kumavuka ine osadziwa, mkodzo nawo osamvera. Ananditengera pa njinga mpaka pa Mitundu, kuchoka apo pa basi kupita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Amayi anasiya tomato wawo n'kubwera kudzandidikirira.

Kumeneko anandigogoda mawondo ndi kanyundo, kundikanda kuphazi, kundiunika m'maso, n'kundibaya pamsana kutenga madzi. Dokotala wina, mayi wa imvi wochokera kunja, anafunsa ngati ndinadwalapo diso. Nditamuuza anagwedeza mutu. Anati matendawa dzina lake ndi multiple sclerosis, kuno ndi osowa kwambiri, ndipo dzina lake la Chichewa palibe. Mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo ili ndi chikutiro chake, monga waya wa wailesi, ndipo thupi langa lomwe ndi limene limatafuna chikutirocho. Matendawo amabwera, amapita, amabweranso. Ochiza palibe, koma alipo mankhwala ozimitsa moto ukabuka. Mankhwalawo anali puredinisoloni, timapiritsi toyera towawa ngati ndulu, tomwa todzaza chikhatho m'mawa uliwonse. Anandichenjeza mwamphamvu kuti ndisadzasiye kamodzin'kamodzi, ndizichepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi, apo ayi ndikhoza kukomoka osadzukanso. Ananenanso kuti nkhope idzasintha koma idzabwerera. Ine ndinangomva za miyendo. Munthu amene akukodzera m'beseni sadera nkhawa masaya, ndiye za nkhopezo ndinangovomera kuti inde.

Miyendo inabwereradi. Ndinayambanso ntchito ndikuyenda ndi ndodo, kenako ndodoyo ndinaisiya. Koma mapiritsi aja anayamba kuonetsa mbali yawo ina. Nkhope inazungulira ngati dzungu, maso n'kulowa mkati. Kumbuyo kwa khosi kunamera linunda. Mimba inatsogola, chonsecho miyendo ikuonda, ntchafu zofooka zoti ndikakhala pa mphasa ndinkadzuka chogwira khoma. Ziphuphu, tindevu pachibwano, chilungulira, kusowa tulo, ndi mtima wapachala umene sindinali nawo kale. Ndiye njala, abale inu. Njala yoti wangotsuka kumene mbale, m'mimba mwayamba kale kulira. Ndinkadya chinangwa, mbatata, zitumbuwa, chimanga chootcha, chilichonse chimene malipiro anga akanagula, ndipo ndinkadyera poyera chifukwa ndinalibe chobisa.

Bambo Gwaza ankazidziwa zonsezi kuposa ine. Dokotala uja anawapempha kuti azindiyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo iwo ndi amene ankawiritsa mkodzo wanga ndi mankhwala a buluu pa kanyali, kuona ngati usintha mtundu. Botolo la mapiritsi analigwira ndi manja awo. Tsiku lina anachita kundiuza akuseka kuti nkhope yotereyi anaiphunzira kusukulu, chithunzi chake chili m'buku lawo. Mawu amenewa muwasunge, tiwafunanso.

Poyamba anthu ankandiyamikira. Kwathu kuno munthu akanenepa ndiye kuti zake zikuyenda, choncho aliyense wokumana nane ankati mwanenepatu a Nambewe, ntchito yakukondani, ku Lilongwe anakudyetsani chiyani. Ndikati ndi mankhwala ankaseka, ati mankhwala amenewo mutigawireko. Umbuli wake! Munthu wangotuluka m'chipatala, akukokabe mwendo, iwo akuona madalitso. Yunifomu yanga inathina, ndipo ndinapita nayo kwa telala wa pakhonde la sitolo pa Mitundu kuti aifutukule. Posakhalitsa ndinapitanso kuti aikemo nsalu ina m'mbali.

Nthawi imene ndinali m'chipatala makiyi onse awiri anali ndi bambo Gwaza. Nditabwerera ndinapeza mulu wa matumba a mkaka, umene ndinausiya ukuyandikira denga, uli cha m'chiuno mwanga. Ndinafunsa, anati ana anachuluka. Ndinalandira kiyi wanga, koma mulu unapitiriza kutsika ngakhale masiku amene sindinatsegule chitseko. Tsono pa Mitundu panali tiyirumu ya akazi a tcheyamani wa chipani wa dera lathu. A Tcheyamani amenewa tinkawadziwa bwino, poti tsiku la sikelo ankakonda kutumiza anyamata awo a malaya ofiira kudzaima pachipata, kufunsa makadi a chipani kwa amayi obereka ana odwala. Tiyi wa mu tiyirumu ya akazi awo anayamba kutchuka kuti ngwoyera bwino, chonsecho banjalo ng'ombe linalibe. Ndinalowamo tsiku lina n'kugula kapu imodzi. Mkaka wa m'matumba uli ndi fungo lake, ndipo ine ndinkausungunula tsiku ndi tsiku, sindikanausokoneza ndi wina. Ndinauza bambo Gwaza. Anayang'ana kuchitseko, n'kunena chapansipansi kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndisamale pakamwa.

Nthawi ya njala itafika, chimanga chisanache, mkaka unatha galimoto yobweretsa wina isanabwere. Amayi oyenda mtunda wautali kuchokera m'mphepete mwa nkhalango ankabwerera ndi ufa wokha, kenako chimanjamanja. Mwana wina wotupa amene ndinkamuyang'anira anamwalira. Kumaliro kwake ndi kumene nkhani inayambira, ndipo sinachedwe kupeza mwini wake, pakuti ine ndinali nditakhala pakati pa amayi owonda, masaya anga akuchita kuwala. Moni uja wa mwanenepatu sanasinthe mawu, koma tsopano ankandipatsa akutsinana okhaokha.

Tsiku la sikelo lotsatira, ndili pakati poyeza, a Tcheyamani anafika okha ndi anyamata awo. Analamula kuti ntchito iime, amayi onse akhale pansi. Mpando wa bambo Gwaza unatulutsidwa kupita pansi pa mtengo, a Tcheyamani n'kukhalapo, eni mpando n'kuima pambali manja ali kumbuyo. A Tcheyamaniwo anali munthu wa mimba yoti batani la jekete lawo linali lisanakumanepo ndi bowo lake. Anayamba ndi kufuula kwa chipani kuja, onse akuyankha, kenako analankhula nthawi yaitali za mmene boma limakondera ana, ndi kuti wakuba chakudya cha ana ndi mdani wa boma. Mawu akuti mdani wa boma masiku amenewo sanali ocheza, anthu ankapita nawo osabwerako. Ndinadziwa kuti ndikhoza kutaya ntchito ndi dzina, mwinanso osagona kunyumba tsiku limenelo.

Mboni yawo yoyamba inali telala. Inde, telala, anachita kukamutenga pa Mitundu pa njinga, tepi yake ili m'khosi. Anamufunsa ngati anafutukulapo yunifomu yanga, iye anati kawiri, ndipo kachiwiriko nsalu ya mkati inatha mpaka anachita kuwonjezera ina. Amayi anang'ung'udza. Bambo ameneyo sananame ndipo sindinamusungire chakukhosi, anafunsidwa za nsalu, anayankha za nsalu. Kenako mayi wina anaimirira kunena kuti amandiona ndikudya phala la ana pamphika. Supuni ija, imene ndinkalawira pamaso pawo kuti ana awo asapse pakamwa, inalowa pa mlandu.

Atatero a Tcheyamani anatola katepi kanga koyezera mkono. Anaitana mayi wa mwana wowonda kwambiri, n'kukulunga katepiko pa kamkono ka mwanayo, mokhotakhota, koma kanafikabe pofiira. Ndiye anandigwira mkono ine n'kukulunga, katepi sikanakumane. Anakweza mkono wanga m'mwamba kuti onse aone. Katepi ka ana aang'ono pa mkono wa munthu wamkulu! Ngakhale nkhalamba yowonda chotani sikakanakumana. Koma anthu anati aaa, ngati aona chozizwitsa, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja ankatsogolera nyimbo ya kutupa si kunenepa.

Ndinapempha kulankhula. Ndinati ndikumwa mankhwala a matenda a mitsempha, ndi amene anditupitsa. Ndinavula nsapato, kuika phazi pa benchi, kudina pamwamba pake, n'kuchotsa chala. Dzenje linatsala, laling'ono koma looneka. Ndinafunsa amayiwo ngati si zimenezi ndimawaphunzitsa sabata ndi sabata. Palibe anasuntha kudzaona. Wina kumbuyo anati munthu wamkulu sadwala tsempho, anzake n'kuseka. Ndiye ndinatembenukira kwa bambo Gwaza.

"Bwana, auzeni za mapiritsi aja. Inu mukudziwa."

Anayang'ana nsapato zawo, n'kutsokomola. Anati zoona mtsikanayu anadwala ndipo pali timankhwala tina akumwa, koma iwo sangathe kunena motsimikiza chimene chimanenepetsa munthu, poti matupi amasiyana, ndipo za m'sitolo mwini wake ndi ineyo. Munthu yemwe uja amene anandiuza kuti nkhope yanga ili m'buku lake. Ndaona amantha ambiri pa moyo wanga, koma wamantha wovala malaya oyera a chipatala ngati ameneyu sindinamuonenso.

Apa mtima wapachala uja unandigwira. Ena amati anali mapiritsi. Mwina anathandizira, koma mawuwo anali anga, ndipo mpaka lero sindinawabweze.

"A Tcheyamani, ngati kunenepa ndi umboni, tiyambe tayeza mimba yanuyo. Tikatero tipite tikanunkhize tiyi wa mu tiyirumu ya akazi anu."

Anyamata a malaya ofiira anayandikira, mmodzi n'kundigwira paphewa. A Tcheyamani anaimirira n'kufunsa bambo Gwaza ngati amva mmene wantchito wawo watukwanira chipani. Chipani sindinachitchule ine, ndinatchula mimba ndi tiyi, koma masiku amenewo mimba ya tcheyamani inali chipani kumene. Pamenepo ndi pamene bambo Gwaza anakumbukira sukulu yawo. Anathamangira kutsogolo akupepesa ndi manja awiri.

"Pepani bwana, musamutengere. Mankhwala akumwawa ndi amphamvu kwambiri, amasokoneza mutu. Zili m'mabuku. Sakudziwa chimene akunena."

Mwamva? Mapiritsi omwe aja, amene posachedwapa sankadziwika ngati angatupitse tsaya, tsopano anali ndi mphamvu yozunguza mutu, ndipo zinali m'mabuku. Sanatero pondimvera chisoni ine. Ankadziwa kuti ndikafika kupolisi akandifunsa za makiyi, ndipo ndikayankha kuti ali awiri. A Tcheyamani nawo anachiona chimenecho, poti mbava sizichedwa kumvana. Anakhala pansi, n'kunena mwaufumu kuti boma silimenyana ndi amisala. Anagamula kuti ndilandidwe kiyi, ndisayandikirenso sitolo kapena mphika, ndipo akazi awo, monga mtsogoleri wa amayi m'deralo, azithandiza adokotala kugawa chakudya. Anandivula chingwe cha kiyi m'khosi anthu onse akuona. Ndinapita kunyumba ndili wakuba ndiponso wamisala, ndipo misalayo ndi imene inandipulumutsa kundende. Amati wamisala anaona nkhondo, koma za tiyi uja palibe anazikambanso.

Ntchito sanandichotse. Ndinatsala wopachika sikelo, wosesa ndi wotunga madzi. Amayi ankandipatsa ana awo monyinyirika, ena ankawafunditsa chitenje ndikamayandikira. Mufunsa kuti bwanji sindinakadandaule kwa dokotala uja ku Lilongwe. Ndinamuuza nditapita kokaonedwa, ndipo anakwiya mpaka kufiira, ati abwere yekha adzawafotokozere. Ndinachita kumuletsa. Mlendo wotsutsa tcheyamani masiku amenewo ankangomukweza ndege, ndipo ine wotsala ndikanaona zakuda. Ndiponso akanadzauza ndani? Amene ankafunika kudziwa ankadziwa kale.

Ndinaganizapo zotaya botolo lonse m'chimbudzi kuti nkhope iphwe msanga. Koma ndinakumbukira chenjezo lija, n'kuti ayi, sindingafere anthu osadziwa kusiyanitsa mkono wa mwana ndi wa mayi. Ndinapitiriza monga anandiuzira, kuchepetsa pang'ono, kudikira, kuchepetsanso, mpaka ndinafika pomadula piritsi pakati ndi lezala.

Kutsika kwake kuli ndi zowawa zakenso, ndipo izi ndikunenera amene akumwa mankhwalawa lero. Thupi linkaphwanya ngati malungo, m'mawa lolemera, chizungulire ndikaimirira msanga, ndi kukhumudwa kopanda chifukwa, kongofuna kulira. Phazi likangochita dzanzi mtima unkagunda kuti matenda abweranso. Ndinasiya mchere wowonjezera ndi shuga wa mu tiyi, njala ikabwera ndinkaipatsa masamba ndi nyemba. Ntchafu ndinazibweza ndi kuyenda, poyamba mpaka pa mjigo, kenako mpaka kudambo, ndi kukhala n'kudzuka pa mpando mobwerezabwereza ndisanapite kuntchito. Tulo ndi timene tinayamba kubwerera. Kenako njala inakhala ya munthu. Ziphuphu zinauma, tindevu tinathothoka, linunda linaphwa mochedwa kuposa zonse. Mizere ya pamimba yokha ndi imene ndili nayo mpaka lero. Tsiku lina ndikusukusula ndinamva fupa la tsaya pansi pa chala, ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Dokotala uja sananame.

Koma taonani nthawi yake. Kiyi anandilanda nkhope ili pachimake, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuphwa. Anthu a kumeneko sanafunenso umboni wina. Ndikamadutsa pa mjigo ndinkamva akuti mwaona, chimulandireni kiyi wayamba kutha. Yunifomu ndinaipititsa kwa telala yemwe uja kuti aibweze, ndipo asanamalize kusoka nkhani inali itazungulira kale msika. Kuchira kwanga kunandimanga kachiwiri. Ndikanakhalabe wotupa akanati ndinabisa matumba kunyumba, nditaphwa anati gwero latsekedwa. Mkaka unkathabe mwezi usanathe, ana ankatupabe, koma amene anali ndi makiyi tsopano anali onenepa chiyambire, ndiye panalibe choti diso la mbuli lione. Ukafuna kuba mwamtendere kwathu kuno, uyambe wanenepa. Bambo Gwaza ankandipatsabe moni m'mawa uliwonse, ine n'kumayankha.

Ndinapempha kuti andisamutse, ndipo patapita nthawi anandipatsa malo kufupi ndi kwathu ku Nathenje. Ndinkati zonse ndazisiya kuseri kwa Mitundu. Amayi anga anali atamva nkhaniyi kalekale, poti amalonda a tomato amayenda misika yonse. Ankandiikira kumbuyo mwamphamvu. Ndinamva kuti mayi wina anamukhuthulira madzi otsukira tomato chifukwa chonditchula wakuba. Iwo ndi amene anagona pansi pa bedi langa m'chipatala, mapiritsi anawaona ndi maso awo, ndipo nditapita kukawaona ndili wotupa anandiphikira kawirikawiri osadandaula.

Tsiku limene ndinafika ndi katundu wanga anandilandirira pamsewu pomwe paja. Anandiyang'ana nkhope nthawi yaitali. Masana ake tikusankha tomato wophwanyika kuseri kwa benchi, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Fanesi, tili awiri pano, ndine mayi ako. Njala ija inali yoopsa, ndinaiona ndekha. Ngati unkatapako pang'ono, ine sindingadane nawe."

Sankanditsutsa ayi, ankandikhululukira. A Tcheyamani, bambo Gwaza, amayi a nyimbo aja, onsewo ndinawanyoza ndipo ndimawanyozabe, sanandilize ngakhale tsiku limodzi. Koma pamenepo ndinalira, tomato ali m'manja. Ndinati sindinatapepo amayi, ngakhale kapu imodzi. Anati chabwino mwana wanga, chabwino, n'kundisisita pamsana monga umachitira ndi mwana amene waganiza kuti usamufunsenso. Anamwalira patapita zaka zambiri tisanaikambenso nkhaniyi, ndipo sindidziwa chimene anapita nacho mumtima.

Ndinagwira ntchito ya sikelo mpaka kupuma. Matenda anabweranso kangapo, ndipo ndodo imene ndili nayo lero ndi yosasiyanso. Mapiritsi ndinamwanso, nkhope inatupanso n'kuphwanso, koma kiyi wa sitolo sindinamulandirenso, ngakhale anandipempha kangati. Atsikana amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawauza chinthu chimodzi tsiku loyamba, asanakhudze n'komwe sikelo: thupi la munthu silikuuza chimene wadya, umufunse kaye akudwala chiyani ndipo akumwa chiyani, akakuyankha umve. Ndipo moni uja wa mwanenepatu, chichokereni kuseri kwa benchi ya amayi anga, sindinamupatsenso munthu aliyense.